ANA APHUNZIRE UKHONDO POGWIRA NTCHITO YENIYENI

Pa 3 Januwale 2023 ana a sukulu m'dziko muno anabwerera m'makalasi atatha tchuthi cha Khirisimasi. Koma m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mabelu sanalire tsiku limenelo. Boma linalamula kuti sukulu za pulayimale ndi za sekondale za m'mizinda iwiriyi ziyambe zakhala zotseka kwa masabata awiri chifukwa cha matenda a kolera, amene pa nthawiyo anali atafika poipa. Ana a ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi kwa Mgona anatsala pakhomo.

Mliri umenewu unayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022, namondwe wotchedwa Ana atangosefukiritsa mitsinje m'chigawo cha kumwera. Unafalikira m'maboma onse, ndipo pa 5 Disembala 2022 Dr. Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya zaumoyo. Pamene unkatha, anthu oposa 59,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Chiyambire pamene kolera inaoneka koyamba m'Malawi mu 1973, panali pasanagwe mliri waukulu chotere. Ndipo si mwangozi kuti mu Febuluwale 2023 kampeni ya Tithetse Kolera inakakhazikitsidwira kwa Mgona, pakuti dera limeneli linali limodzi mwa madera amene matendawa anavuta kwambiri mu Lilongwe.

Mwa ana amene anatsala pakhomo mwezi umenewo, ambiri a Sitandade 6, 7 ndi 8 akanatha kuyankha bwinobwino funso lakuti kolera imafala bwanji. Anali atalemba m'makope mwawo kuti madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala, kuti chimbudzi chizikhala chovindikira, ndi kuti munthu azisamba m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi. Komabe m'makomo ambiri chikho chotungira madzi mu ndowa chinali chomwecho chimene aliyense anali kumwera, ndipo pakhomo pa chimbudzi panalibe madzi osamba m'manja. Nzeru inali m'kope koma sinafike pa ndowa. Nkhani ino ikufotokoza njira ya kaphunzitsidwe imene ingathandize kuti zolembedwa m'kope zifike pakhomo.

KULOWEZA PAKOKHA SIKUKWANIRA

Mu 1994 Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana a sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chimenechi chinali chinthu chabwino, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. M'sukulu zambiri za m'matauni a Lilongwe si zachilendo kupeza ana 100 kapena kuposerapo m'kalasi imodzi. Mphunzitsi amene ali ndi choko, bolodi ndi ana ochuluka chotero amachita chimene angathe: amalemba manotsi pa bolodi, ana nakopera, naloweza, nadikira mayeso.

Palinso vuto la chiyankhulo. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amachitika m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 amene bungwe la MANEB limakonza amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Chotero mwana amaloweza za tizilombo toyambitsa matenda m'chiyankhulo china, pamene madzi kwawo amatungidwa, kusungidwa ndi kumwedwa m'chiyankhulo china. N'kosavuta kuti mwanayo aganize kuti za m'buku ndi za mayeso basi, ndipo za pakhomo ndi za amayi.

Aphunzitsi sali olakwa pa zimenezi. Chimene chiyenera kumveka n'chakuti ukhondo ndi chizolowezi cha manja. Mtsikana sadziwa kuphika nsima mwa kulemba m'kope kuti ufa umathiridwa madzi akafunda. Amadziwa atagwira mthiko, naphika nsima ya mibulu kawiri katatu, amayi ake ali pambali kumuongolera. Chimodzimodzinso kusamala madzi akumwa ndi kusamala chimbudzi. Mwana ayenera kuzichita, kulakwitsa, kuongoleredwa, ndi kuona yekha phindu lake.

KODI PULOJEKITI YA KUSUKULU N'CHIYANI?

Pulojekiti ya kusukulu ndi ntchito imene ana amaigwira m'magulu kwa masabata angapo, kuyambira pa funso lenileni la m'dera lawo mpaka pa chinthu chooneka ndi maso. Ili ndi zizindikiro zitatu. Choyamba, pamakhala funso limene yankho lake silinalembedwe m'buku lililonse, chifukwa likukhudza dera la anawo. Chachiwiri, ana eni ake ndiwo amafufuza yankho mwa kuona, kufunsa, kuyeza ndi kuwerengera, mphunzitsi ali kuwatsogolera. Chachitatu, zimene apeza amazipereka kwa anthu enieni amene angachitepo kanthu, monga makolo, mafumu ndi alangizi a zaumoyo.

Maganizo amenewa si atsopano. Mu 1896 John Dewey anatsegula sukulu mu mzinda wa Chicago ku America kumene ana ankaphunzira masamu ndi sayansi mwa kuphika, kuluka ndi kulima. Mu 1918 William Kilpatrick, mphunzitsi wa aphunzitsi ku New York, analemba nkhani yotchedwa The Project Method imene inafalitsa njirayi m'maiko ambiri. Kuno kwathu, sukulu ya Jeanes imene inatsegulidwa ku Domasi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo za ukhondo wa m'mudzi, ulimi ndi kasamalidwe ka ana, kuti sukulu izithandiza mudzi umene yaimamo. Ku Tanzania, Julius Nyerere analimbikitsa mu 1967 maphunziro odzidalira, oti mwana aziphunzira zinthu zokhudza moyo wa kwawo.

Pa nkhani ya zaumoyo, njirayi inalimba pokonzekera 1979, Chaka cha Ana pa Dziko Lonse. Dr. David Morley, dokotala wa ana amene anagwirapo ntchito ku Nigeria, ndi Hugh Hawes, katswiri wa zamaphunziro, onse a pa yunivesite ya London, anayambitsa ntchito yotchedwa Child-to-Child. Iwo anaona chinthu chimene mayi aliyense wa ku Kawale amachidziwa: kuti mwana wa zaka khumi ndiye amabereka khanda kumbuyo, kulidyetsa phala ndi kulisambitsa pamene makolo apita ku ntchito kapena ku msika. Ngati mwana ameneyu ndiye mlezi, ayenera kuphunzitsidwa monga mlezi.

PHUNZIRO LA MJIGO WA KU LONDON

Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 600 m'dera lina la mzinda wa London lotchedwa Soho. Masiku amenewo anthu ambiri, ngakhale madokotala, ankakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi mpweya wonunkha. Dr. John Snow sanakhutire ndi maganizo amenewa. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, nawerengera maliro a nyumba iliyonse, ndipo pambuyo pake anaika chizindikiro cha imfa iliyonse pa mapu a deralo. Zizindikiro zija zinaunjikana mozungulira mjigo umodzi wa mu msewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo atamva umboni wake anachotsa chogwirira cha mjigowo. Kenaka kunadziwika kuti chitsime cha mjigowo chinakumbidwa pafupi kwambiri ndi dzenje la zonyansa.

Dr. Snow sanathe kuona tizilombo ta kolera m'madzi a mjigowo. Zida zake zinali miyendo, mafunso, kuwerengera ndi mapu. Zida zinayi zimenezi mwana aliyense wa Sitandade 7 ali nazo. Mbiri imeneyi ndiyo poyambira pabwino pa pulojekiti ya ukhondo, chifukwa imaonetsa ana kuti munthu woyang'anitsitsa ndi wowerengera bwino angathe kupulumutsa miyoyo.

MASITEPE ASANU NDI LIMODZI

A Child-to-Child anagawa ntchito yotere m'masitepe asanu ndi limodzi. Chitsanzo chotsatirachi n'chongoyerekeza, koma chingachitike pa sukulu iliyonse ya kwa Mgona, kwa Chinsapo kapena kwa Biwi. Kalasi ndi ya Sitandade 7, ili ndi ana 100, ndipo yagawidwa m'magulu 10 a ana 10. Nthawi yabwino ndi teremu yoyamba, mvula isanayambe.

1. Kusankha vuto ndi kulimvetsa. Mphunzitsi, mothandizana ndi mlangizi wa zaumoyo, amayamba waphunzitsa zoona zake za kolera. Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Vibrio cholerae kamene kamapezeka m'chimbudzi cha munthu, ndipo kamalowa m'thupi kudzera m'madzi, chakudya kapena manja oipitsidwa. Zizindikiro zimaoneka pakati pa maola 12 ndi masiku 5. Wodwala kwambiri amatsekula m'mimba madzi okhaokha ofanana ndi otsukira mpunga, ndipo angamwalire m'maola ochepa chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Anthu ambiri amene ali ndi kachilomboka sadwala konse, komabe amakatulutsa m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo. Ana atamva izi amagwirizana funso lawo, monga lakuti: “Kodi madzi amene timamwa amaipitsidwira pati, kuchokera potunga mpaka pakamwa?”

2. Kufufuza. Gulu lililonse limapatsidwa kachigawo kake pafupi ndi sukulu ndipo limajambula mapu. Pa mapupo amaikapo makiyosiki a madzi, mijigo, zitsime, zimbudzi, maenje a zinyalala, ngalande ndi mtsinje ngati ulipo. Ndi chingwe cha mamita 10 chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse amayeza mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime, podziwa kuti malangizo a zaumoyo amafuna mamita osachepera 30, ndi kuti chimbudzi chizikhala kumunsi kwa chitsime. Mwana aliyense amayang'ananso kwawo: kodi madzi akumwa amasungidwa mu chiyani? N'chovindikira? Amatungira chiyani? Kodi bowo la chimbudzi lili ndi chivindikiro? Mabanja angati amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi pa poloti? Mayankho amalembedwa popanda dzina la munthu kapena la banja.

3. Kukambirana ndi kukonza zochita. M'kalasi magulu amaphatikiza ziwerengero zawo ndi kujambula magalafu. Apa masamu amakhala ndi tanthauzo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu mmodzi amafunika malita osachepera 20 patsiku pa kumwa, kuphika ndi ukhondo wochepa chabe. Choncho banja la anthu 6 lifunika malita 120, kapena zigubu 6 za malita 20. Ana amafunsa mtengo wa chigubu pa kiyosiki ya kwawo, nawerengera ndalama za pa mwezi, ndipo amamvetsa chifukwa chake mabanja ena amathamangira ku chitsime chosatetezedwa kapena kumtsinje ndalama zikatha kapena mpope ukauma. Amawerenganso zimbudzi za pa sukulu pawo ndi kuyerekeza ndi malangizo a WHO ndi UNICEF a mu 2009, amene amati chimbudzi chimodzi chizikhala cha atsikana 25, ndipo china, pamodzi ndi pokodzera, cha anyamata 50.

4. Kuchitapo kanthu. Ana amasankha zinthu zochepa zimene angathe. Angapange mipondagiya pakhomo pa zimbudzi za sukulu ndi za kwawo, pogwiritsa ntchito chigubu chaching'ono, mitengo, chingwe ndi sopo. Angaseme zivindikiro za mabowo a zimbudzi zokhala ndi chogwirira chachitali. Angaphunzire pamaso pa mlangizi kuthira WaterGuard, kachivindikiro kamodzi mu malita 20, ndi kudikira mphindi 30 asanamwe, komanso kusungunula paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Angalembe kalata ku komiti ya madzi kapena ku khonsolo ya mzinda yonena za ngalande yotsekeka. Pomaliza amaitana makolo, mfumu, khansala ndi alangizi a zaumoyo, napachika mapu awo pa khoma, nafotokoza zimene apeza m'Chichewa chomveka.

5. Kuunika. Pakapita masabata anayi ana amabwerera kukawerenganso. Ndi mipondagiya ingati imene ikadali ndi madzi? Ndi ndowa zingati zimene tsopano zili zovindikira? Pano ana ayenera kuphunzira kunena zoona. Mwina sopo anabedwa, mwina anadyedwa ndi mbuzi, mwina chigubu chinatengedwa kukagulira mafuta. Kulephera kotere n'kofunika kukulemba monga mmene kupambana kumalembedwera.

6. Kukonzanso. Ana amafunafuna njira yabwino koposa, monga kuboola sopo ndi kumumangirira pa chingwe, kapena kuika ndandanda ya odzaza madzi tsiku ndi tsiku. Mapu ndi kope la ziwerengero zimasungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu kuti kalasi ya chaka chamawa idzayambire pamene anzawo analekezera.

Njira yomweyi ingagwire ntchito pa mavuto ena. Ana angawerenge zithaphwi zimene udzudzu umaswanamo ndi kusunga mphutsi zake m'botolo lophimba ndi kansalu kuti aone mmene zimasandukira udzudzu pa sabata imodzi kapena ziwiri. Angasiyanitse zinyalala zowola ndi zosawola, napanga manyowa a dimba la sukulu. Angayeze kutalika ndi kulemera kwa anzawo a Sitandade 1 mothandizidwa ndi achipatala.

UBWINO WA NJIRAYI

Ubwino woyamba ndi wakuti mwana saiwala msanga chinthu chimene anachiyeza ndi manja ake. Amene anatambasula chingwe napeza kuti chimbudzi chili mamita 8 okha kuchokera pa chitsime sadzafunika kukumbutsidwa za mamita 30, ngakhale atadzakula n'kukhala ndi poloti yakeyake. M'mera mpoyamba.

Wachiwiri ndi wakuti mwana amafika kumene wa zaumoyo safika tsiku ndi tsiku. M'makomo ambiri a m'matauni ana, makamaka atsikana, ndiwo amatunga madzi, kutsuka mbale, kutaya matewera ndi kulera ang'ono awo. Manja amene amakhudza madzi a banja kwambiri ndi manja a mwana wa sukulu. Kafukufuku amene anachitika mu 2006 m'sukulu za m'chigawo cha Nyanza ku Kenya anaonetsa kuti ana ataphunzira kuthira mankhwala m'madzi ndi kusamba m'manja pa sukulu, makolo othira mankhwala m'madzi a pakhomo anachuluka, ndipo kujomba kwa ana kunachepa. Akatswiri amene anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana anapezanso kuti kulimbikitsa kusamba m'manja kumachepetsa matenda otsekula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Wachitatu ndi wakuti pulojekiti imalimbitsa maphunziro ena. Mwa kugwira ntchito imodzi mwana wayeza mtunda, wawerengera magawo, wajambula mapu ndi galafu, walemba kalata, ndipo wayankhula pagulu. Zonsezi zili kale mu silabasi imene a Malawi Institute of Education ku Domasi amakonza. Ngakhale ziwerengero za mliri uja zingakhale funso la masamu: ngati mwa odwala 59,000 anamwalira 1,700, ndiye kuti anamwalira pafupifupi 3 mwa 100 alionse, pamene odwala akalandira chithandizo msanga omwalira safika mmodzi mwa 100. Mwana amene wapeza yekha kusiyana kumeneku amamvetsa chifukwa chake wodwala sayenera kugonekedwa pakhomo kudikira kuti kuche.

Wachinayi ndi wakuti alangizi a zaumoyo amapeza othandizana nawo. Ntchito ya alangiziwa inachokera kwa anthu amene ankabaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960 ndi amene analembedwa kuti athandize pa kolera ya mu 1973. Cholinga cha Boma ndi chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma m'madera othithikana mlangizi amakhala ndi anthu ochuluka kuposa pamenepo. Mapu a ana, okonzedwanso chaka ndi chaka, angamuonetse msanga chitsime chatsopano kapena chimbudzi chimene chagwa ndi mvula. Mutu umodzi susenza denga.

PULOJEKITI SI CHIBALO

Pali chizolowezi m'sukulu zambiri chimene chiyenera kutchulidwa poyera. Mwana akachedwa kapena akachita phokoso amapatsidwa chibalo chokolopa kuchimbudzi, kukumba dzenje la zinyalala kapena kutola mapepala. Phunziro limene mwanayo amatolapo ndi lakuti ntchito ya ukhondo ndi ya anthu olakwa, ndi kuti munthu wolemekezeka saigwira. Sukulu imene ikufuna kuyamba mapulojekiti a ukhondo iyenera kuyamba yaleka kugwiritsa ntchito chimbudzi ngati chilango.

Akuluakulu amakumbukira Sabata ya Achinyamata ya m'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, pamene ana a sukulu ankatuluka m'makalasi kukalambula misewu, kukonza milatho ndi kuumba njerwa. Zinthu zambiri zinamangidwa m'masiku amenewo. Koma ntchito inkasankhidwa ndi akuluakulu, ndipo mwana ankafunika mphamvu zake zokha. Pa pulojekiti mwana amafunika ndi mutu wake womwe. Amadziwa funso limene akuyankha, amatenga nawo mbali posankha chochita, ndipo amaunika yekha ngati chathandiza. Ngati ana asesa msika wonse koma sangathe kufotokoza chifukwa chake ntchentche ndi yoopsa, ndiye kuti agwira ganyu yaulere ndipo sanaphunzire kanthu.

MADANDAULO A APHUNZITSI NDI MAKOLO

“Kalasi ndi yaikulu.” Zoona, koma ana 100 amene akuvuta kuwaphunzitsa pa bolodi limodzi ndi maso 200 pa ntchito yofufuza. Chofunika ndi kugawa magulu bwino, lililonse likhale ndi mtsogoleri, mlembi ndi woyeza, ndipo maudindo azisinthana kuti atsikana ndi ana ofatsa asatsalire m'mbuyo. A komiti ya sukulu ndi a gulu la amayi angathe kuperekeza magulu pa tsiku lotuluka.

“Nanga mayeso?” Kholo lililonse limafuna kuti mwana wake asankhidwe kupita ku sekondale, ndipo nkhawa imeneyi ndi yomveka. N'chifukwa chake pulojekiti iyenera kumangidwa pa mitu imene ili kale mu silabasi, ndi kutenga maphunziro awiri kapena atatu okha pa sabata. Ndi bwino kuichita mu Sitandade 6 ndi 7, ndi kusiya a Sitandade 8 akonzekere mayeso awo.

“Ndalama kulibe.” Zipangizo zake ndi chingwe, makatoni akale ojambulapo mapu, zigubu zotha ntchito, makala olembera ndi sopo. Palibe chifukwa cholipiritsira makolo.

“Ana angatenge matenda.” Ili ndi dandaulo lalikulu koposa, ndipo malamulo ake ndi osasintha. Ana asalowe m'nyumba imene muli wodwala. Asakhudze zonyansa, asasuzumire m'zitsime zosatchinga, ndipo asaime pamwamba pa chimbudzi chakale. Ufa wa kolorini usungunulidwe ndi mlangizi yekha. Ana aziyenda m'magulu, masana, ali ndi munthu wamkulu. Mliri ukabuka, ntchito ya kunja iime ndipo ana apitirize za m'kalasi. Ndiponso pasakhale banja lochititsidwa manyazi. Mabanja ambiri a m'madera amenewa ndi a lendi, ndipo mwana amene kwawo kulibe chimbudzi chabwino sanalakwe kanthu. Mphunzitsi ayambe waonana ndi mfumu kapena mtsogoleri wa dera ana asanatuluke ndi chingwe chawo.

Pali malire enanso awiri. Pulojekiti yopanda chiphunzitso cholongosoka poyamba imasanduka masewera, chotero mphunzitsi asasiye udindo wake wofotokoza, wofunsa ndi wokonza zolakwika. Komanso ana sangayale mapaipi, sangamange zimbudzi za sukulu, ndipo sangachotse milu ya zinyalala m'misika. Imeneyo ndi ntchito ya Lilongwe Water Board, khonsolo ya mzinda, maunduna a Boma ndi eni mapoloti. Mzinda umene unakhala likulu la dziko mu 1975 unali ndi anthu pafupifupi 990,000 pa kalembera wa mu 2018, ndipo ambiri mwa iwo amadalira zimbudzi zokumba. Vuto lalikulu chotere silingasenzetsedwe ana. Chimene pulojekiti imachita ndi kulera nzika zodziwa kusamala chimene chili m'manja mwawo, ndi kupempha chotsalacho ndi umboni wa ziwerengero.

POYAMBIRA

Sukulu siyenera kudikira kalata yochokera ku likulu kuti iyambe. Mphunzitsi wamkulu asankhe kalasi imodzi ndi mphunzitsi mmodzi wachidwi. Mphunzitsiyo apite ku chipatala chapafupi, monga cha ku Kawale, cha ku Area 25 kapena cha Bwaila, akaonane ndi a ofesi ya ukhondo ndi kupempha mlangizi wa dera lake. Alangizi nawonso asamafike pa sukulu pa tsiku la katemera lokha. Apatule masiku atatu pa teremu: loyamba lophunzitsa, lachiwiri loperekeza ana pofufuza, lachitatu lomvera zimene apeza. Makolo, mwana akafika pakhomo n'kufunsa za chikho chotungira madzi kapena za chivindikiro cha chimbudzi, asamukalipire kuti wayamba mwano. Amulole achite chimene waphunzira, ndipo adzafike pa tsiku loonetsa ntchito.

Mvula imabwera chaka chilichonse, ngalande zimasefukira, ndipo zimbudzi zina zimagwa. Katemera wa kolera ndi chithandizo cha kuchipatala zilipo ndipo n'zofunika, koma kupewa kumaposa kuchiza. Masabata awiri amene ana a mu Lilongwe anataya mu Januwale 2023 sadzabwereranso. Maola ochepa pa sabata operekedwa ku pulojekiti ya ukhondo, mvula isanagwe, ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi kutsekanso sukulu, ndipo ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi moyo wa mwana mmodzi.